Kukonza chikondwerero cha zaka za tauni ya m'mbali mwa Shire, potengera Mangochi

Tauni ikamayandikira kukwanitsa zaka 100, 125 kapena 150, nkhani yoyamba kumveka pa msonkhano imakhala ya mlendo wolemekezeka, nsalu ya chikondwerero ndi magule. Zimenezo ziyambe zadikira. Pali ntchito ziwiri zimene zikachedwa, chikondwerero chonse chimasanduka phwando wamba: kugwirizana kuti zakazo mukuziwerenga kuyambira liti, ndi kutolera mbiri kwa akuluakulu amene akadali moyo. Matenti, chakudya ndi zimbudzi zimatheka m'miyezi itatu yomaliza, koma ziwirizi zimafuna chaka ndi theka.

Malangizowa akutengera Mangochi, tauni yokhala pa Shire pakati pa nyanja ya Malawi ndi ya Malombe. Ambiri mwa iwo agwiranso ntchito ku Liwonde, Chikwawa, Chiromo ndi Nsanje.

Zaka mukuziwerenga kuyambira liti?

Ku Mangochi chaka chimene chimatchulidwa kawirikawiri ndi 1891, pamene Harry Johnston anamanga linga la Fort Johnston tsidya la kum'mawa kwa Shire, moyang'anana ndi mudzi wa Mfumu Mponda. Mukatenga chaka chimenecho, zaka 140 zikwana mu 2031 ndipo 150 mu 2041. Koma lingalo analimanga kuti aziyang'anira mudzi umene unalipo kale, mudzi waukulu wamalonda. Livingstone atafika pa nyanja mu Seputembala 1859 anapeza anthu atakhazikika m'mbali mwa mtsinjewu. Ansembe a White Fathers anafika kwa Mponda kumapeto kwa 1889, linga lisanamangidwe. Ndiye mukalemba pa chikwangwani kuti Mangochi yakwanitsa zaka 150, mafumu adzafunsa, ndipo adzakhala akulondola, ngati makolo awo analibe kwawo mzungu asanabwere.

Njira yake ndi kutchula chinthu chenichenicho chimene chakwanitsa zakazo: zaka 150 chikhazikitsire boma m'dera lino, osati chiyambire anthu kukhala kuno. Mawu amenewa agwirizanidwe pa msonkhano umene mafumu alipo, alembedwe m'maminitsi, ndipo asasinthidwenso pa nsalu, pa wailesi kapena pa kalata iliyonse. Onaninso misampha iwiri. Woyamba, patapita zaka zochepa boma linasamuka pa linga loyamba lija n'kubwera tsidya la kumadzulo, pamene pali tauni lero, choncho malo a 1891 si pamene pali maofesi a khonsolo. Wachiwiri, Fort Johnston si Fort Mangochi. Fort Mangochi ndi linga lina, la m'mapiri a kum'mawa m'dera la Jalasi. Ana asukulu ambiri, ngakhale aphunzitsi ena, amasokoneza malinga awiriwa.

Matauni ena ali ndi poyambira pawo. A ku Liwonde akhoza kuwerengera kuyambira 1965, chaka chimene Kamuzu Barrage inamangidwa. A ku Nsanje, kumene kale kunkatchedwa Port Herald, ali ndi 1908, pamene njanji yochokera kumeneko inafika ku Blantyre. Chaka chilichonse chimene mwasankha chikhale choti mukhoza kuonetsa chikalata chochitsimikizira.

Komiti ndi ndalama

Musanalengeze chilichonse, kaonekereni kwa mfumu yayikulu ya deralo ndi kwa DC m'sabata imodzi yomweyo. Mfumu ikamva nkhaniyi pa wailesi musanaifikire, mudzatha miyezi iwiri mukupepesa. Komiti yayikulu isapitirire anthu 15. Mukhale nthumwi ya mafumu, ya khonsolo, ya mizikiti, ya matchalitchi, ya makomiti a asodzi a m'madoko, ya amayi a mumsika, ya a kabaza, ya aphunzitsi, ya achinyamata ndi ya anthu olumala. Pansi pake pakhale timakomiti tisanu: ka mbiri, ka chuma, ka malo ndi chitetezo, ka chakudya ndi ukhondo, ndi ka ndondomeko ya tsikulo. Phungu ndi makhansala aitanidwe ngati alendo ndi othandiza, koma asakhale pa mpando. Chikondwerero chikangooneka ngati cha chipani, theka la tauni limakhala kunyumba. Pa chifukwa chomwecho pewani miyezi ya kampeni.

Tsekulani akaunti ya ku banki ya osayinira atatu, awiri azisayina nthawi iliyonse. Nambala ya Airtel Money kapena Mpamba yolandirira zopereka ikhale imodzi yokha, yolengezedwa poyera, ndipo msungichuma azipachika ndandanda ya zolowa ndi zotuluka pa bolodi ya khonsolo mwezi uliwonse. Ana a deralo amene ali ku Lilongwe, ku Johannesburg kapena ku Britain amapereka mosavuta akamaona ndandandayo pa WhatsApp. Mitengo imakwera msanga, choncho musamange bajeti yokhazikika chaka chisanathe. Gawani m'magawo: gawo limodzi mwa magawo anayi la mbiri ndi chionetsero, limodzi la malo ndi chitetezo, limodzi la chakudya ndi ukhondo, lotsalalo la mayendedwe a magulu ovina ndi zadzidzidzi. Ndalama za mbiri zitsekeredwe padera kuyambira pachiyambi, chifukwa tsiku likamayandikira ndizo zimayamba kubwerekedwa kuti mugulire mbuzi.

Kutolera mbiri kwa akuluakulu

Apa ndiye pali ntchito. Yambani ndi kulemba mayina a anthu 30 mpaka 40 opitirira zaka 75, ndipo muyambe ndi okalamba kwambiri kapena odwaladwala. Musangotsata mayina amene mafumu akupatsani, chifukwa kawirikawiri amakhala amuna okhaokha a banja lachifumu. Funani amene ankaoloketsa anthu pa mtsinje, azamba, anankungwi, mashehe, makatekisiti, asodzi a makoka, amene anagwira ntchito m'sitima zapanyanja, amene anapita ku Joni kapena ku Salisbury n'kubwerako, ndi ana a amwenye amene anali ndi masitolo. Theka akhale amayi. Mbiri ya njala, ya matenda, ya msika ndi ya maukwati amaidziwa bwino ndi iwo.

Ofunsa aziyenda awiriawiri, wina wofunsa, wina woyang'anira foni ndi kulemba. Aphunzitsi ndi ophunzira a Fomu 3 amaigwira bwino ntchitoyi akaphunzitsidwa masiku awiri. Ku Mangochi pagulu lililonse pakhale wolankhula Chiyao bwinobwino, monga momwe ku Nsanje pangafunikire wa Chisena. Gogo akamayankha m'chilankhulo chimene sanayamwire amafupikitsa nkhani, ndipo nyimbo, miyambi ndi mayina akale a malo zimatsalira.

Foni wamba ndi yokwanira. Ithireni moto mpaka kudzaza, muiike pa airplane mode kuti wina asaimbe pakati pa nkhani, ndipo muikhazike pa nsalu yopinda pa mpando, pafupifupi theka la mita kuchokera pakamwa pa wolankhula. Ikagwiridwa m'manja imajambula kukhudzakhudza kwa zala. Khalani kumene kulibe mphepo, kutali ndi chigayo, wailesi ndi nkhuku. Musakhale m'nyumba ya malata mvula ikugwa. Jambulani mphindi imodzi kaye, mumvetsere, kenako muyambe. Poyamba penipeni wofunsa atchule tsiku, mudzi, mfumu ya deralo ndi dzina la wolankhula, kenako afunse ali pa foni pomwepo ngati akulola kuti mawu awo asungidwe, aulutsidwe pa wailesi kapena asindikizidwe. Ena amalola kusunga koma amakana kuulutsa. Lembani zimenezo pa fomu ndipo muzizitsata.

Ulendo umodzi usapitirire ola limodzi ndi theka. Kuli bwino kubwera kawiri, chifukwa ulendo wachiwiri munthu amakhala atagona nazo nkhanizo ndipo amakumbukira zambiri. Musafunse kuti chinachitika chaka chanji. Funsani kuti munali wamkulu bwanji, munali mutavinidwa, mwana wanu woyamba anali atabadwa, inali njala ya 1949 isanagwe kapena itadutsa, Kamuzu anali atabwera. Zizindikiro zotere ndi zimene komiti ya mbiri idzagwiritsa ntchito popeza chaka: njala ya 1949, kubwera kwa Dr. Banda mu 1958, zipolowe za 1959, ufulu wa 1964, referendamu ya 1993. Funso lililonse likhale la chinthu chimodzi chogwirika. Mlatho usanamangidwe anthu ankaoloka bwanji, ankalipira zingati, ng'ombe ankaziolotsa motani? Msika unali pati? Chambo chinkagwidwa chochuluka bwanji pa khoka limodzi, ndipo chinayamba kusowa liti? Madzi anafikapo pati chaka chimene anasefukira kwambiri? Akakulozerani mtengo kapena khoma, pitani mukalijambule.

Gogo akakhala chete, musafulumire kudzaza mpatawo. Komanso musalole mdzukulu kumawayankhira. Mwanyamula shuga, sopo kapena mchere ngati ulemu, n'zabwino, koma musalipire ndalama pa nkhani. Zikamveka kuti nkhani zikugulidwa, tsiku lotsatira mudzapeza anthu khumi amene onse anamuona Chipembere ndi maso awo.

Madzulo omwewo koperani fayiloyo m'malo atatu: pa kompyuta, pa flash ndi pa intaneti. Dzina la fayilo likhale ndi chaka, mwezi, tsiku, mudzi ndi nambala ya wolankhula. Musatumizirane mawu kapena zithunzi pa WhatsApp ngati njira yosungira, chifukwa zithunzi imazichepetsa ndipo foni ikabedwa zonse zapita. Kulemba pa pepala zimene zalankhulidwa mu ola limodzi kumatenga maola asanu kapena kuposerapo, choncho anthu 40 ndi ntchito ya miyezi ingapo. Lembani m'chilankhulo chimene chalankhulidwa, kumasulira kubwere pambuyo.

Zolembedwa ndi zithunzi

Tumizani anthu awiri ku National Archives ku Zomba kwa masiku atatu kapena anayi, atanyamula kalata yochokera ku khonsolo. Akafufuze ndi mayina akale: Fort Johnston ndi South Nyasa District, osati Mangochi yekha. A ku Nsanje afunse Port Herald ndi Lower Shire. Mabuku amene ma DC achitsamunda ankalembamo za maboma awo ali ndi mayina a mafumu, nkhani za msonkho wa nyumba, milandu ndi zaka za njala. Awerengeni mochenjera, chifukwa analembedwa ndi anthu amene ankatolera msonkhowo. Ku Blantyre, laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ili ndi zithunzi zakale ndi magazini yawo, imene inayamba mu 1948 ndi dzina loti Nyasaland Journal. Kufupi ndi kwanu kuli Lake Malawi Museum m'tauni momwemo, mabuku a ubatizo ndi a maukwati ku mishoni za Anglican za Mpondasi ndi Malindi, ndi zolembedwa m'zilembo za Chiarabu zimene mabanja ena a mashehe amasunga. Zimenezi kawirikawiri palibe amene anazifunsapo.

Zithunzi za m'mabanja musazitenge kupita nazo. Ikani masiku awiri kapena atatu oti anthu abwere nazo pa sukulu kapena pa holo, muzijambule mwiniwake ali pomwepo, n'kumubwezera. Ngati pali scanner, ikani pa 600 dpi. Ngati palibe, jambulani ndi foni pa mthunzi wowala, chithunzicho chitagona pa tebulo, opanda flash. Jambulaninso kumbuyo kwake, chifukwa mayina ndi zaka zimalembedwa kumeneko. Chithunzi chenichenicho musachimate pulasitiki ya lamination kapena selotepi, kutentha ndi guluu zimachiwononga kosabwezeka. Pa chionetsero pakhale makope okha, a kukula kwa A3.

Nkhani zidzasemphana. Wina adzati banja lake ndilo linayamba kufika pa doko, wina adzakana. Komiti ya mbiri si bwalo la milandu. Lembani mbali zonse ziwiri ndi kutchula kuti iyi ikuchokera kwa a banja lakuti, iyo kwa a banja lakuti. Chilichonse chokhudza ufumu kapena malire a malo chisasindikizidwe mafumu okhudzidwa asanachimve, chifukwa kabuku ka chikondwerero kakhoza kudzatulutsidwa ngati umboni pa mlandu wa ufumu zaka khumi zikubwerazo.

Palinso mbiri yowawa, ndipo Mangochi ili nayo yambiri. Malonda a akapolo anadutsa pa mtsinjewu kulowera ku gombe la nyanja ya mchere, ndipo zidzukulu za ogulitsa ndi za ogulitsidwa lero zimapemphera limodzi. Mu Febuluwale 1965 Masauko Chipembere ndi anthu ake analanda boma la Fort Johnston usiku, n'kulowera ku Zomba, koma anakakanika kuoloka pa Liwonde. Zimene zinatsatira m'midzi ya kuno, kumangidwa kwa anthu a mudzi wa Moto ndi ena, zikadali m'mitima ya mabanja. Kuzilumpha n'kunamiza ana. Koma musaziike m'sewero loseketsa la ana asukulu kapena m'mawu a mlendo wolemekezeka. Zipatseni khoma lakelake pa chionetsero, zilembedwe mosakometsera ndi mosaloza chala banja lililonse, ndipo pa tsikulo pakhale mphindi ya chete.

Kusankha tsiku

Tsiku lenileni la m'mbiri silikakamiza. Mtsinje ndi nyengo ndizo zimalamula. Kuyambira Disembala mpaka Malichi ndi mvula, ndipo a ku chigwa cha Shire akudziwa madzi osefukira amene anaona mu 2015, mu Januwale 2022 ndi namondwe Ana, ndi mu Malichi 2023 ndi namondwe Freddy. Mu Epulo ndi Meyi nyanja imakhala itadzaza kwambiri. Mu 2024 madzi analowa m'malo ambiri a m'mphepete, choncho bwalo limene munalisankha mu Okutobala likhoza kukhala dambo. Juni ndi Julayi kumazizira bwino koma kumaomba mwera, ndipo sukulu zimakhala pa mayeso. Mu Ogasiti ana amakhala ku ndagala, mafumu ndi makolo ali otanganidwa ndi zinamwali. Okutobala ndi Novembala dzuwa limaotcha moti okalamba, amene mukufuna kuwalemekeza, sangakhale pabwalo mpaka masana. Kumapeto kwa chaka ndi nyengonso yotseka usodzi, asodzi alibe ndalama. Zikatero, nthawi yabwino imatsala kumapeto kwa Meyi kapena mu Seputembala zinamwali zitatuluka.

Yang'ananinso kalendala ya zipembedzo. Ramadan imabwerera m'mbuyo masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, ndiye funsani mashehe msanga. Phwando la masana m'mwezi wa kusala kudya ku Mangochi n'kutaya chakudya ndi ulemu womwe. Lachisanu masana ndi la Jumu'ah, Loweruka ndi la a Seventh Day, Lamulungu m'mawa ndi la matchalitchi ena. Palibe tsiku losakhudza aliyense. Chimene chimathandiza ndi kugawa masiku awiri: Lachinayi chionetsero ndi ulendo wa ana asukulu, Loweruka mwambo waukulu, chionetsero chikhalebe chotsekula sabata yonse.

Bwalo ndi mtsinje

Lemberani DC ndi apolisi kalata yowadziwitsa za tsiku, malo ndi chiwerengero cha anthu amene mukuyembekeza. Uzaninso achipatala cha boma, a Red Cross, a Marine, a Fisheries ndi a Parks and Wildlife, mwezi umodzi tsikulo lisanafike. Ngati mudzaimba nyimbo za ojambula pa zokuzira mawu, kambiranani ndi a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo. Zipilala zakale, monga nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria pafupi ndi mlatho, zimatetezedwa ndi lamulo. Musazipake penti kapena laimu, ngakhale ndi mtima wabwino, musanapeze chilolezo ku Department of Museums and Monuments.

Mwambo waukulu uchitikire pa bwalo la mpira kapena la sukulu, osati pa gombe penipeni. Pa mchenga zikhomo za tenti zimazuka mphepo ikaomba. Ngati mwakakamizika kumanga pa mchenga, mangirirani mwendo uliwonse ku matumba awiri odzaza mchenga. Tenti yoyamba ikhale ya okalamba, osati ya mabwana okha. Magetsi a ESCOM musawadalire: jenereta ya 5 kVA imakwana zokuzira mawu, ndipo muwerengere malita awiri a mafuta pa ola, kuonjezapo ena osungira. Iikeni mamita 30 kumbuyo kwa nsanja kuti isamize mawu.

Mpikisano wa mabwato ndi umene anthu amaukonda koposa, ndiponso ndi umene ungaphe munthu. Uchitike m'mawa isanakwane 9 koloko, mphepo isanadzuke. Mtunda wa mamita 300 mpaka 500 motsata gombe ndi wokwanira. Asapikisane kuoloka tsidya. Malo ake asankhe ndi asodzi a pa doko limenelo pamodzi ndi a Parks, chifukwa ndi amene amadziwa pamene mvuu zimagona ndi pamene ng'ona zaonekera posachedwa. Opalasa akhale asodzi odziwa kusambira, aliyense atavala jekete yoyandamitsa, osaledzera, ndipo mabwato asapitirire asanu ndi limodzi pa ulendo umodzi. Maboti awiri a injini akhale pamadzi, lina kutsogolo lina kumbuyo, muli anthu odziwa kuvuula munthu. Mpikisano wosambira usakhalepo, chifukwa kupatula ng'ona mulinso likodzo. Ngozi yayikulu kawirikawiri siikhala ya opikisana koma ya oonerera: ana okankhana pa gombe lotsetsereka, ndi maboti onyamula anthu mopyola muyeso kuti akaonere pafupi. Mangani chingwe mamita atatu kuchokera m'madzi, muike achinyamata ovala zowala pa mamita 20 aliwonse, ndipo pa doko pakhale wa Marine kapena wapolisi wowerenga okwera. Pa mlatho apolisi asalole anthu kuunjikana, pajatu ndi msewu wopita ku Namwera ndi ku malire a Chiponde.

Chakudya, madzi ndi zimbudzi

Simungadyetse tauni yonse. Dyetsani okalamba, mafumu, ovina, ana amene akuchita masewero ndi ogwira ntchito, ndipo apatseni timakadi. Ena onse agule kwa amayi a mumsika, amene muwakonzere mzere wawo. Powerengera, thumba la ufa la makilogalamu 50 limadyetsa anthu pafupifupi 200, kilogalamu ya mpunga anthu 6 kapena 7, ndipo mbuzi imodzi yabwino anthu 50 mpaka 60. Onjezani gawo limodzi mwa magawo khumi, chifukwa gulu lililonse la gule limabwera ndi anthu oposa amene linalembetsa. Nyama yonse azinge ndi Msilamu, ndipo ya nkhumba isafike pa malopo. Mukatero mphika umodzi udyetsa aliyense.

Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unavuta kwambiri m'maboma a m'mbali mwa nyanja, ndipo khamu la anthu pafupi ndi mtsinje ndi malo amene matendawa amakonda. Madzi akumwa achokere pa mpopi kapena pa mjigo, athiridwe klorini motsogozedwa ndi alangizi a zaumoyo, ndipo akhale m'ndowa za mpopi, osati zotungamo ndi kapu. Werengerani malita awiri pa munthu. Zimbudzi zikhale chimodzi pa anthu 50 mpaka 100, za amayi zichuluke kuposa za abambo, zikumbidwe mamita osachepera 30 kuchokera ku mtsinje kapena pa chitsime, ndi ndowa ya madzi ndi sopo pakhomo. M'mbali mwa mtsinje madzi apansi ali pafupi ndipo dothi la mchenga limagumuka, choncho dzenje lisapitirire mita imodzi ndi theka ndipo likwiriridwe m'mawa mwake. Pa tenti ya achipatala pakhale Thanzi ORS, ndi galimoto imodzi yoyang'ana kumsewu, yosatsekerezedwa.

Ndondomeko ya tsikulo

Chimene chimapha miyambo yambiri ndi zolankhula. Olankhula asapitirire asanu, aliyense mphindi zisanu, mlendo wolemekezeka khumi ndi zisanu, ndipo auzidwe m'kalata yowaitana. Mafumu alonjeredwe motsata ukulu wawo. Ndandandayo muitenge ku ofesi ya DC ndipo mfumu yayikulu iione, chifukwa kulumpha dzina limodzi kumayambitsa mlandu. Pemphero lotsekulira apereke shehe, lotsekera m'busa kapena wansembe, kapena mosinthanitsa. Mlendo akachedwa musaimitse zonse. Yambani magule pa nthawi yake, iye adzapeza zili mkati.

Mbiri ilowe m'bwalo, isangokhala pa khoma. Sankhani tizigawo tisanu ta mawu a akuluakulu aja, ta mphindi ziwiri kapena zitatu, muwaulutse pa zokuzira mawu pakati pa magule, mwiniwake atakhala kutsogolo. Izi zimaposa kumupatsa maikolofoni gogo wa zaka 90 pa dzuwa. Gule aliyense asanalowe, wolengeza anene mwachidule kumene anachokera. Beni, mwachitsanzo, ndi mayunifolomu ake ndi maudindo ake, amatsanzira perete wa asilikali a nthawi ya atsamunda, ndipo ana ambiri amene amamuvina sadziwa zimenezo. Sikiri ndi wachipembedzo, ndiye funsani mashehe ngati ali woyenera pa bwalo lotere. Manganje ndi Gule Wamkulu ali ndi eni ake ndi malamulo ake, ndipo sizikhala bwino kuziika motsatizana popanda kufunsa. Gulu lililonse lipatsidwe mphindi 10 mpaka 12, ndipo ndalama ya mayendedwe ilipiridwe lisanavine, lisadzasowe pokwerera madzulo.

Ulendo wa mbiri wa ana asukulu ndi wotsika mtengo koma umagwira mtima. Magulu a ana 25, mphunzitsi mmodzi ndi wofotokoza mmodzi, malo asanu kapena asanu ndi limodzi, ola limodzi ndi theka. Ku Mangochi yambirani pa nsanja ya wotchi. Pomwepo pali mfuti ya m'sitima ya Gwendolen, imene mu Ogasiti 1914 inakaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Sphinxhaven, kumene lero ndi Liuli ku Tanzania, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba kumene. Palinso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu Julayi 1946. Kuchoka apo pitani ku museum, ku manda akale kumene kuli asilikali a nkhondo ija, pa doko lakale ndi ku mzikiti. Ofotokoza asangonena za akapitawo achizungu. Sitima ya Chauncy Maples inalumikizidwa kwa Mponda n'kulowa m'madzi mu 1901, ndipo zitsulo zake zinafika kuno zitasenzedwa pamutu kudutsa mathithi a Shire. Funsani ana kuti anasenza ndani, ankadya chiyani pa njira, ndipo ndani ankadula nkhuni zoyendetsera sitimazo.

Wailesi za m'deralo, monga Dzimwe ndi Radio Maria, zipatsidwe tizigawo ta mawu aja milungu isanu ndi umodzi tsikulo lisanafike, kamodzi pa sabata. Omvera amaimba foni kukonza mayina ndi kuonjeza zimene munaphonya, ndipo mumapeza anthu ena oti mukawafunse nthawi ikadalipo.

Zikatha

M'mawa mwake gulu la ukhondo litole mapulasitiki onse asanauluzikire mu mtsinje, likwirire zimbudzi ndi kubweza mipando. Pasanathe masiku 30 msungichuma awerenge lipoti la ndalama pa msonkhano wapoyera ndi kulipachika pa bolodi. Komiti ya mbiri yokha isathe. Ipange makope anayi a mawu onse, zithunzi, zolembedwa ndi mafomu a chilolezo, ndipo iwapereke ku museum, ku National Archives, ku laibulale ya sekondale imodzi ya m'tauni ndi ku khonsolo, kulikonse wolandira asayine. Flash ikangokhala m'kabati zaka zambiri imafa, choncho pakhale munthu wotchulidwa dzina woti azikopera zonse pa chipangizo chatsopano zaka zitatu zilizonse. Banja lililonse limene linapereka nkhani lilandire kope ya mawu a kholo lawo pa memory card, ndi chithunzi chimodzi chotsukidwa. Ngati ndalama zatsala, sindikizani kabuku ka masamba 40 mpaka 60 m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndipo makope oyamba apite ku sukulu za pulayimale, asanu pa sukulu iliyonse.